Kuyeza Zinthu Zotamuka Pang'onopang'ono: Dipatimenti ya Uinjiniya Isankhe Chipangizo Chiti?

Wakabaza akamanga thumba la makala m'mamawa, amakunga lamba wa chubu mpaka ukamukhudza ndi chala amalira ngati nsambo ya banjo. Pofika masana lamba uja amakhala atakhwepa, chonsecho palibe wamumasula. Chingwe cha nayiloni choyanikira zovala chimayamba chili njoo, koma pakatha miyezi iwiri mathalauza amayamba kukhudza pansi. Mtanda wa denga umene mmisiri anauika wowongoka umayamba kuwerama pakati zaka zikamapita, pomwe malata ndi omwe aja. Pamsewu wa tara wa kudera lotentha ngati kuchigwa cha Shire, pamene malole olemera amaima kapena kukwera pang'onopang'ono, phula limakankhika n'kusiya tingalande tiwiri modutsa matayala.

Khalidwe limeneli m'mabuku a uinjiniya limatchedwa viscoelasticity. Chinthu chotere chili ndi mbali ya sipuling'i, yosunga mphamvu n'kuibweza, komanso mbali ya uchi, yoyenderera pang'onopang'ono n'kutaya mphamvuyo ngati kutentha. James Clerk Maxwell mu 1867 anafotokoza khalidweli ndi masamu amene lero timajambula ngati sipuling'i yolumikizidwa motsatizana ndi pisitoni yoyenda m'mafuta. Chithunzi china, chodziwika ndi mayina a Kelvin ndi Voigt, chimaika ziwirizi mbali ndi mbali. Kujambula zimenezi pa bolodi n'kosavuta. Chovuta n'chakuti wophunzira wa chaka chachitatu aone ndi maso ake kuti nthawi imasintha kulimba kwa chinthu, kenako atulutse nambala imene angaikhulupirire. Kaya muli ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Bunda kapena ku Copperbelt University ku Kitwe, funso limafika patebulo la mkulu wa dipatimenti ndi lomweli: ndalama zochepa zimene zapezekazi tigulire chiyani?

Mafunso atatu amene timafunsa chinthu

Loyamba: tikachipachika katundu wosasintha, chimatalika bwanji nthawi ikamapita? Uku ndi kuyeza creep. Lachiwiri: tikachikoka kufika pautali wina n'kuchigwira pomwepo, mphamvu yake yokoka imatsika bwanji? Iyi ndi stress relaxation, nkhani ya lamba wa wakabaza ija. Lachitatu: tikamachigwedeza mobwerezabwereza, chimasunga mphamvu yochuluka bwanji ndipo chimataya yochuluka bwanji? Apa mpamene pamatuluka storage modulus (muyeso wa mphamvu yosungidwa), loss modulus (muyeso wa mphamvu yotayika), ndi tan delta, imene imapezeka pogawa yachiwiriyo ndi yoyambayo. Zipangizo zambiri zimayankha bwino funso limodzi kapena awiri. Palibe chotsika mtengo chimene chimayankha onse atatu.

Miyeso yosankhira

Musanayang'ane kabuku ka kampani, khalani pansi muyankhe izi.

Mudzayeza zolimba kapena zamadzimadzi? Paipi ya PVC, labala, thabwa ndi njerwa za pulasitiki wosungunula ndi mchenga zimapanidwa n'kukokedwa kapena kupindidwa. Phula lotentha, thelele, ulimbo ndi phala la ufa wa chinangwa zimafuna mbale ziwiri zozipotokola pakati. Kawirikawiri makina a gulu lina sathandiza pa gulu linzake.

Khalidwe limene mukulifuna limaoneka pa nthawi yaitali bwanji? Ku University of Queensland ku Australia, Thomas Parnell anathira phula lolimba mu fanulo mu 1927. Phulalo ukalimenya ndi hamala limasweka ngati galasi, koma limadontha, ndipo dontho lachisanu ndi chinayi linagwa mu 2014. Chinthu chimodzimodzi chimakhala cholimba kwa woyeza wa sekondi imodzi, n'kukhala chamadzi kwa woyeza wa zaka khumi. Wofufuza labala wochepetsa kunjenjemera kwa injini ya chigayo akufuna tizigawo ta sekondi. Wofufuza paipi yokwirira pansi akufuna masabata.

Mudzatha kulamulira kutentha? Kwa ine uwu ndiye muyeso waukulu kuposa yonse, ndipo ndi umene umaiwalika kawirikawiri. Labala wachilengedwe amauma ngati galasi pa madigiri pafupifupi 70 kunsi kwa ziro, PVC yolimba imayamba kufewa cha pa madigiri 80, polystyrene cha pa 100. Pafupi ndi malire amenewa, madigiri ochepa chabe amasintha liwiro la creep kambirimbiri. Phula ndiye silichedwa n'komwe. Labu ya denga la malata mwezi wa Okutobala imakhala ina 7 koloko m'mawa, ina 2 koloko masana.

Ndi manja angati adzagwire chipangizocho? Kalasi ya ophunzira 80 itaima mozungulira makina amodzi, tekinishani n'kumadina mabatani, amene waphunzirapo kanthu ndi tekinishaniyo. Pulojekiti ya chaka chomaliza ya anthu awiri ndi nkhani ina.

Ndalama zilipo zogulira zokha, kapena ndi zosamalira zomwe? Makina onse akuluakulu amagulidwa ndi ndalama zakunja, masipeya ake chimodzimodzi. Kwacha ya Malawi itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti iliyonse yolembedwa m'makwacha inachepa mphamvu tsiku limodzi. N'chifukwa chake mitengo ndiitchula m'madola a ku America, mongoyerekeza kukula kwake.

Chomaliza, zotsatirazo zikupita kuti? Ngati n'za lipoti la m'kalasi, kusiyana pang'ono ndi nambala za m'mabuku ndi phunziro pakokha. Ngati n'za magazini ya kafukufuku kapena za kontirakitala wa msewu, adzakufunsani muyezo umene munatsatira, wa ISO, ASTM kapena AASHTO, mabungwe olemba malamulo a kayezedwe.

Njira yoyamba: kupachika katundu n'kumawerenga

Iyi ndiikhalitsapo chifukwa ambiri amaiderera. Tengani chingwe chowedzera nsomba cha nayiloni cha mamilimita 0.5, chotalika mita imodzi. Mwachimangirira ku chitsulo cholimba pakhoma, kunsi mwapachika mwala wa sikelo wa magalamu 500. Mphamvu yokoka ndi manyutoni 4.9, nkhope ya chingwecho mukachidula pakati ndi pafupifupi 0.2 mm², ndiye kuti chikukokedwa ndi pafupifupi 25 MPa. Nthawi yomweyo chimatalika sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kenako chimapitiriza kutsika, mofulumira poyamba, mozengereza pambuyo pake. Wophunzira amawerenga pa masekondi 5, 10, 20, 50, 100, 200, 500, mpaka ola kapena tsiku, chifukwa galafu ya creep imalankhula bwino nthawi ikalembedwa pa sikelo ya logarithm. Akachotsa mwalawo, chingwe chimadumpha kubwerera pang'ono, n'kumakwera mwakachetechete kwa maola, koma sichifika pamene chinayambira. Mbali zitatu zimenezi, yobwerera msanga, yobwerera mochedwa ndi yosabwereranso, ndizo zimene chithunzi cha Burgers, cholumikiza motsatizana cha Maxwell ndi cha Kelvin ndi Voigt, chimafotokoza. Ndaonapo wophunzira atagwada pansi, diso pa rula, akuitana mnzake kuti abwere aone chingwe chikukwera chokha. Masamu a Burgers anawamvetsa tsiku limenelo.

Mtengo. Felemu amawotcherera mmisiri wa pamsika. Rula yachitsulo, wotchi ya pafoni ndi miyala ya sikelo zilipo kale m'malabu ambiri. Dial gauge, kachipangizo kooneka ngati wotchi koyezera kusuntha kwakung'ono, yowerenga 0.01 mm ndi ya madola makumi ochepa. Ndi mtengo wa sipeya imodzi ya makina akuluakulu mutha kumanga zoyesera khumi.

Kapezekedwe. Chilichonse chimapezeka m'tauni. Foni yoikidwa pamalo osagwedezeka itha kujambula chizindikiro cha pachingwe, ndipo pulogalamu yaulere ya Tracker imasandutsa kanemayo kukhala manambala. Miyezo yake ilipo: ISO 899 ndi ASTM D2990 ndi ya creep ya mapulasitiki, ndipo mfundo yake ndi yomweyi ya katundu wosasintha.

Kasamalidwe. Kupukuta fumbi, kuteteza dzimbiri, kuyeza miyala ija pa sikelo yodalirika kamodzi pachaka. Magetsi akathima, mwala umapitiriza kukoka.

Zoopsa zake. Pano mpofunika maso. Mfundo yomangira chingwe imaterereka, ndipo kuterereka kumaoneka ndendende ngati creep. Choncho yezani pakati pa zizindikiro ziwiri zolembedwa pachingwe penipeni, kutali ndi mfundo. Mwala ukatulidwa mwamphamvu umanjanja n'kuwononga masekondi oyamba. Dial gauge ili ndi kasipuling'i kake kamene kamakankha, ndipo pa chidutswa chofewa kamasokoneza. Nayiloni amamwa chinyezi n'kufewa, motero zotsatira za mu Febuluwale sizifanana ndi za mu Seputembala. Ndipo masamu onse a Maxwell ndi Kelvin amagwira ntchito pokhapokha katundu akakhala wochepa. Yesani ndi magalamu 250, kenako 500 pa chingwe chatsopano: ngati kutalika sikunawirikize kawiri pa nthawi iliyonse, mwatuluka m'malire. Valitsani ophunzira magalasi oteteza maso, ndipo pansi pa mwala ikani bokosi la mchenga.

Ndalama yoyamba yoonjezera ipite ku kutentha. Bokosi la pulayiwudi lokutidwa mkati ndi zotchinga kutentha, babu, kafani ka kompyuta ndi sensa ya DS18B20 zikukwanira kusunga madigiri 30, 40 ndi 50. Mukakhala ndi magalafu atatu, ophunzira amawasuntha chammbali mpaka alumikizane kukhala galafu imodzi yaitali. Imeneyi ndi njira yosinthanitsa nthawi ndi kutentha imene Williams, Landel ndi Ferry anailembera masamu mu 1955. Kuyeza kwa masana amodzi kumayamba kulosera za miyezi.

Njira yachiwiri: makina okoka, ogula kapena opanga nokha

Pa stress relaxation pamafunika chinthu chokoka, chogwira osasuntha, ndi chowerenga mphamvu. Madipatimenti ambiri a zomangamanga ndi a zamakina ali kale ndi makina okoka zitsulo za konkire, ndiye maganizo oyamba amakhala akuti tigwiritse omwewo. Dikirani kaye. Makina amenewo anapangidwira mphamvu ya makilonyutoni mazana, pamene kachidutswa ka chubu kamakoka manyutoni 10 kapena 20. Zili ngati kuyeza mchere wa m'ndiwo pa sikelo ya fodya. Komanso makina oyendera mafuta sagwira malo amodzi mokhazikika ngati oyendera sikuluu ndi mota yamagetsi.

Mtengo. Makina a patebulo a Instron, ZwickRoell, Shimadzu kapena Tinius Olsen ndi a madola masauzande ambiri, ndipo bokosi lotenthetsera limagulidwa padera. Ngati felemu ya sikuluu ilipo kale, kugula load cell (sensa yowerenga mphamvu) yaing'ono ya manyutoni 100 kapena 500 ndi zopanira za labala n'kwanzeru kuposa kugula makina ena. Opanga nokha: load cell ya sikelo ya kukhitchini, kabolodi ka HX711 koiwerenga, kakompyuta ka Arduino ndi bawuti yaitali yokokera, zonse pamodzi madola makumi ochepa.

Kapezekedwe. Makina ogula amachokera kunja, kawirikawiri kudzera mwa ajenti wa ku South Africa, ndipo muwerengere miyezi. Tizipangizo ta Arduino timapezeka mwa ogulitsa zamagetsi kapena kuitanitsa pa intaneti. HX711 imawerenga ka 10 kapena ka 80 pa sekondi, zokwanira pa ntchito imeneyi.

Kasamalidwe. Makina ogula amafuna calibration (kuwachuna kuti aziwerenga molondola) ya chaka ndi chaka motsatira ISO 7500-1, girizi pa sikuluu, ndi kompyuta imene pulogalamu yake idakagwirabe ntchito. Funsani za laisensi ya pulogalamuyo musanasaine, chifukwa kompyuta imafa msanga kuposa felemu. Opanga nokha mumawachuna ndi miyala ya sikelo tsiku lililonse loyeza.

Zoopsa zake. Load cell yotsika mtengo nayo ili ndi creep yake ndipo imasuntha ndi kutentha. Musanayeze labala, kokani sipuling'i yachitsulo kwa ola lathunthu. Ngati nambala ikutsika, vuto ndi la chipangizo, ndipo mwadziwa kukula kwake. M'buku chidutswa chimakokedwa m'kuphethira kwa diso, koma makina enieni amatenga nthawi. Lamulo lodziwika ndi lakuti musadalire manambala mpaka padutse nthawi yokokerayo kuchulukitsa ka 10. Labala wa chubu ndi wa matayala ali ndi khalidwe lina lotchedwa dzina la Mullins: ulendo woyamba kukokedwa amalimba kuposa wachiwiri, choncho mukokeni kangapo musanayambe kulemba. Ndipo musadabwe galafu ikakana kugwirizana ndi chithunzi chimodzi cha Maxwell, chimene chimati mphamvu itsike kufika pa 37 peresenti ya poyambira ikakwana nthawi yake yotchedwa relaxation time. Zinthu zenizeni zimafuna ma Maxwell angapo oikidwa mbali ndi mbali, ndipo kuwapeza ndi Python ndi ntchito yabwino ya sabata imodzi.

Ubwino wina wa makina ogula ndi wakuti amakoka n'kubweza. Njira yopita ndi yobwerera sizikumana pa galafu, ndipo mpata wapakatiwo ndi mphamvu yotayika. Imeneyi ndiyo imatenthetsa tayala la basi yochokera ku Mzuzu ikamafika ku Lilongwe.

Njira yachitatu: kugwedeza n'kusiya

Panani rula ya pulasitiki m'mphepete mwa tebulo, ikhoteni pang'ono, isiyeni. Liwiro la kugwedezekako likupatsani storage modulus, ndipo kuzilala kwake kukupatsani tan delta. Ngati ulendo woyamba nsonga inafika mamilimita 10, wachiwiri 8, logarithm yachilengedwe ya 10 kugawa ndi 8 ndi 0.223. Mukagawa ndi pi mupeza tan delta ya pafupifupi 0.07. Pendulamu yopotokola, imene ili mu ISO 6721-2, imachita zomwezi ndi chidutswa cholendewera chokhala ndi chimbale kunsi. Kugwetsa kampira kachitsulo pa labala n'kuona pamene kanjanjira ndi m'bale wake wa njira imeneyi.

Mtengo. Wotsika ngati wa njira yoyamba, mwinanso kuposa.

Kapezekedwe. Foni zambiri zimajambula kanema woyenda pang'onopang'ono. Pulogalamu yaulere ya phyphox, yopangidwa ku RWTH Aachen University ku Germany, imawerenga masensa a m'foni momwemo.

Kasamalidwe. Palibe chodetsa nkhawa kupatula chopanira, chimene chiyenera kukhala cholemera ndi cholimba.

Zoopsa zake. Mphamvu imatayikiranso mu chopanira ndi mu mpweya, ndipo masamu amaika mlandu wonse pa chidutswa. Yambani ndi rula yachitsulo kuti muone zimene chipangizo chokha chikutaya. Foni ikamangiriridwa pa chidutswa chopepuka imasintha chilichonse. Labala wofewa kwambiri amazimitsa kugwedezeka kusanakwane maulendo atatu, ndiye palibe chowerenga. Pa zotere amamata labalayo pa kachitsulo kopyapyala, monga mmene ASTM E756 imanenera. Pomaliza, chidutswa chimodzi chimapereka liwiro limodzi. Kuti mupeze lina, sinthani utali kapena kulemera.

Njira yachinayi: DMA

Awa, otchedwa dynamic mechanical analyser, ndiwo makina opangidwira funso lachitatu lija, la kugwedeza mobwerezabwereza. Amagwedeza kachidutswa kakang'ono ngati kamtengo ka machesi, pa liwiro limene mwasankha, uku akukweza kutentha pang'onopang'ono. Q800 ya TA Instruments, imene yafala m'mayunivesite ambiri, imafika pa manyutoni 18, imagwedeza kuyambira 0.01 mpaka 200 Hz, ndipo kutentha kwake kumayambira pa madigiri 150 kunsi kwa ziro mpaka 600. PerkinElmer, Netzsch ndi Mettler Toledo alinso ndi awo. M'maola awiri mumaona galafu imene storage modulus imagwa pafupifupi ka 1,000 pulasitiki akamachoka pa kuuma kupita pa kufewa, ndipo tan delta imakwera kaphiri pamalo omwewo. Njira zitatu zoyamba zija sizingakupatseni chithunzi chimenechi mosavuta. Ndinene mosabisa, ndi chida chokoma kugwiritsa ntchito.

Mtengo. Madola masauzande makumi angapo, ndipo zopanira zosiyanasiyana, choziziritsira ndi maphunziro a tekinishani zimabwera pamwamba. Ogwiritsidwapo kale ntchito amatsika mtengo, koma funsani ngati kampani ikupangabe masipeya ake.

Kapezekedwe. Kuitanitsa kunja, kudikira, kuombola pa kasitomu, kenako kudikiranso katswiri wodzaika. Kuti muyeze labala kunsi kwa ziro pamafunika liquid nitrogen kapena choziziritsira chapadera. Musanagule, dziwani kumene mudzaigule nitrogen imeneyo ndi mtunda wake, poti imauluka ngakhale ili mu thanki yake.

Kasamalidwe. Chipinda chopanda fumbi, tebulo losanjenjemera, UPS (batire yosungira magetsi) yokwanira kumaliza kuyeza magetsi akathima, ndipo pa makina amene shafuti yake imayandama pa mpweya, kompuresa yopereka mpweya wouma wopanda mafuta. Pakufunikanso munthu mmodzi wokhazikika amene makinawo ndi ake.

Zoopsa zake. Makina amatulutsa galafu yosalala ngakhale chidutswa chitadulidwa mokhota. Pa kuyeza kopinda, kuchindikala kumalowa m'masamu katatu, motero kulakwitsa ndi 3 peresenti pa kuchindikala kumabala pafupifupi 9 peresenti pa modulus. Kukweza kutentha mothamanga kumasuntha kaphiri ka tan delta. Pulasitiki akasungunukira mkati, kapena wina akamanga chopanira ndi mphamvu za pa njinga, makina amaima miyezi. Pa kuphunzitsa, vuto lake ndi lakuti zonse zimachitikira m'ng'anjo yotseka. Wophunzira amene sanagwirepo mwala ndi chingwe amakopera E' ndi E'', zizindikiro za storage modulus ndi loss modulus, ngati manambala a foni.

Njira yachisanu: rheometer

Iyi ndi ya zofewa ndi zamadzimadzi. Chinthu chimaikidwa pakati pa mbale ziwiri, yapamwamba n'kumapotokola uku ndi uku pang'onong'ono. Anton Paar ya ku Graz ku Austria, TA Instruments ndi Netzsch ndi ena mwa opanga odziwika. Mtundu wake wa phula umatchedwa DSR (dynamic shear rheometer), ndipo unafala ndi dongosolo la Superpave lochokera mu kafukufuku wa misewu wa ku America wa 1987 mpaka 1993. Motsatira AASHTO T 315, pa kutentha kwakukulu phula limaikidwa pa mbale ya mamilimita 25 ndi mpata wa milimita imodzi, n'kugwedezedwa pa 10 rad/s, ndipo motsatira AASHTO M 320 phula losakalamba liyenera kupereka G*/sin delta, nambala yosonyeza mmene likukanira kukankhika, yosachepera 1.0 kPa. Kuno tinazolowera kugula phula potchula 60/70 kapena 80/100, manambala ochokera pa singano ya magalamu 100 yolowa masekondi 5 pa madigiri 25. Koma tara wa ku Nsanje masana amatentha kupitirira apo kutali, ndipo singanoyo siinena chimene phula likuchita pa kutentha kumeneko. DSR imanena.

Mtengo. Wofanana ndi wa DMA kapena kupitirira. DSR ya phula lokha imatsikirako poyerekeza ndi rheometer ya kafukufuku wa chilichonse. Samalani ndi viscometer ya mtundu wa Brookfield: ndi yotsika mtengo ndipo ndi yothandiza, koma imangozungulira mbali imodzi n'kupereka viscosity, mbali ya uchi ija. Mbali ya sipuling'i ija siiona.

Kapezekedwe. Monga DMA. Mbale ndi makoni osiyanasiyana muitanitsiretu pamodzi ndi makina.

Kasamalidwe. Mtima wa rheometer yabwino ndi shafuti yoyandama pa mpweya. Ndinalowapo mu labu ina kumene rheometer yamphatso inali itafundidwa pulasitiki pakona. Chowumitsa mpweya cha kompuresa chinawonongeka nyengo ya dzinja, chinyezi n'kulowa m'kati, ndipo kuyambira pamenepo shafuti inkakakamira. Tekinishani anavundukula kuti ndione, akupukuta ndi kansalu mbale zonyezimira zimene zinali zisanathe n'chaka chomwe zikugwira ntchito. Chinthu chimene chinapha makinawo chinali chotsika mtengo kwambiri pa zonse zimene zinali m'chipindamo. Zinandipweteka mtima, chifukwa ophunzira a chaka chimenecho anali ndi mitu yabwino ya kafukufuku wa phula. Mpweya uzitsegulidwa makina asanayatsidwe, mafyuluta azisinthidwa, madzi a choziziritsira aziyang'anidwa, ndipo mafuta oyesera kulondola azigulidwa asanathe ntchito.

Zoopsa zake. Kuthira chochuluka kapena chochepa pa mbale kumasintha zotsatira. Phala limauma m'mphepete muli mkati moyeza. Nsima ndi zina zolimbirako zimaterereka pa mbale yosalala, ndiye zimafuna mbale yokhakhala. Ufa wokhala ndi misere ikuluikulu sugwirizana ndi mpata wopapatiza. Wophunzira mmodzi akagunditsa mbale ziwirizo kapena kupinda shafuti, chaka chatha.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kutumiza kwa amene ali nawo kale

Mtengo. Mumalipira pa chidutswa chilichonse, kuphatikizapo mtengo wotumizira. Mukagwirizana zolemba limodzi kafukufuku, mtengowo umatha kutsika.

Kapezekedwe. Ku South Africa kuli malo ngati Stellenbosch University, yodziwika pa sayansi ya mapulasitiki, ndi CSIR ku Pretoria. Yambani mwafunsa madipatimenti a chemistry ndi a sayansi ya zakudya a pafupi nanu, poti nthawi zina makina amakhala mpanda womwewo.

Kasamalidwe. Palibe makina osamalira. Chosamalira ndi ubale, komanso kalembera wabwino wa zidutswa.

Zoopsa zake. Kuchedwa, pomwe pulojekiti ili ndi tsiku lomaliza. Zakudya ndi utomoni wamadzi wa labala zimasintha panjira. Ophunzira amalandira fayilo, makinawo osawaona.

Njira iti kwa yani

Ngati muli ndi kalasi yaikulu ya chaka chachiwiri kapena chachitatu ndipo cholinga n'chakuti amvetse, mangani zopachikira katundu khumi ndi zopanira marula khumi, magulu a anthu anayi kapena asanu. Gulu lililonse lipatseni chinthu chake: chingwe cha nayiloni, kachidutswa ka jumbo lochindikala, chubu, kathabwa ka paini kopinda. Pakhoma pakhale thermometer, ndipo lipoti lopanda kutentha kwa chipinda libwezedwe.

Ngati dipatimenti ili kale ndi makina okoka a sikuluu, gulani load cell yaing'ono ndi zopanira zabwino. Ngati ilibe, perekani kupanga chipangizo cha HX711 ngati pulojekiti ya ophunzira a zamagetsi ndi a zamakina pamodzi, ndipo theka la malikisi likhale la kusonyeza kuti chipangizocho chikulakwitsa ndi zingati.

Ngati pulojekiti ya chaka chomaliza ndi ya njerwa za pulasitiki ndi mchenga, mapaipi a madzi, nsungwi kapena matabwa a denga, funso lake ndi la creep ya nthawi yaitali. Chopachikira katundu chokhala m'bokosi lotenthetsera, chosiyidwa masabata asanu ndi limodzi, chiyankha bwino kuposa DMA ya maola awiri. Yambitsani kuyezako sabata yoyamba ya semesita.

Ngati nkhani ndi ya labala wochepetsa kunjenjemera, kaya wa matayala akale kapena wochokera ku minda ya Vizara ku Nkhata Bay, yambani ndi kachitsulo komata labala ndi pendulamu kuti musankhe zosakaniza zitatu zabwino, kenako zitatuzo muzitumize ku DMA ya anzanu.

Ngati muli a zamisewu ndipo pali ntchito yochokera kwa makontirakitala imene ingalipire calibration ndi mafyuluta, DSR ndi yoyenera kuimenyera nkhondo. A sayansi ya zakudya ndi uinjiniya wa zaulimi amene akufufuza ufa wa chinangwa, thelele kapena chiponde angagawane rheometer imodzi ndi a zamisewu, bola mbale zikhale zosiyana ndipo woyang'anira akhale mmodzi.

DMA yanuyanu igulidwe pamene pali aphunzitsi awiri kapena atatu ofufuza mapulasitiki chaka ndi chaka, ophunzira a masters, tekinishani wolembedwa ntchito yokhazikika, ndi mzere wa ndalama zosamalira wa zaka zisanu. Wopereka thandizo akakufunsani chimene mukufuna, m'kalata yomweyo lembanimo kompuresa, chowumitsa mpweya, UPS, zopanira zapadera ndi ulendo wa tekinishani wokaphunzira. Akati ndalama sizikwanira zonsezo, pemphani load cell, ma dial gauge khumi ndi bokosi lolamulira kutentha.